Kamangidwe ka bafa la pa msasa ndi kasambidwe ka madzi ochepa m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota

Magulu ambiri amene amapita kukagona pa msasa m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, kaya ndi achinyamata a mpingo, ana a sukulu ndi aphunzitsi awo, kapena banja lochokera ku Lilongwe kudzera ku Salima, amakonzekera bwino za ufa, ndiwo, matenti ndi maneti a udzudzu, koma nkhani ya posambira amaisiya poganiza kuti nyanja ili pomwepo. Zikatero anyamata amakasambira m'nyanja ndi sopo, pamene amayi, atsikana ndi akuluakulu amadikira kuti kude ndipo amakabisala kuseri kwa chitsamba ndi ndowa, nthawi imene udzudzu wayamba kuluma ndiponso mvuu zayamba kutuluka m'madzi kukadya msipu. Ine ndimaona kuti bafa liyenera kumangidwa tenti yogonamo isanaimikidwe, chifukwa munthu amene akudziwa kuti palibe akumuona amasamba modekha, ndipo wosamba modekha amatha kuyera thupi lonse ndi malita 5 okha. Wosamba mwamantha amadzikhuthulira ndowa yathunthu kuti athane nazo msanga, n'kuchokapo sopo akadali kumsana.

Chifukwa chosasambira m'nyanja kapena mumtsinje

Madzi osaya ndi odekha, makamaka pamene pali mabango ndi udzu wa m'madzi monga m'mbali mwa dziwe la Chia ndi pamathiriro a mitsinje, ndiwo malo okhala nkhono zimene zimasunga tizilombo ta likodzo. Tizilomboti timalowa pakhungu la munthu amene waima m'madzimo, ndipo kawirikawiri iye samva chilichonse mpaka patapita milungu kapena miyezi, pamene angayambe kuona magazi mumkodzo. Mumtsinje wa Bua muli ng'ona, ndipo munthu wowerama pagombe akupaka sopo kumaso saona chimene chikubwera. Tisaiwalenso kuti anthu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja amatunga madzi omwewo, ndipo mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unavutitsa kwambiri maboma a kunyanja. Mlendo sayenera kuonjezera litsiro pamadzi amene eni dera amadalira.

Choyamba: kusankha malo

Mukafika, musanatsitse katundu yense, funsani eni malo. Ngati muli pamalo olipira, woyang'anira akuonetsani kumene amalola kuthira madzi osambira. Ngati muli pafupi ndi mudzi, kaonaneni ndi amfumu kapena nduna yawo, ndipo muwafunse mwachindunji kumene mungaike bafa. Funso limeneli ndi lofunika kuposa mmene alendo ambiri amaganizira, popeza nkhalango yowirira imene ili chapatali pang'ono ndi nyumba, imene mlendo angaione ngati malo abwino obisika, kawirikawiri imakhala manda, ndipo m'midzi ina ya Achewa kumakhalanso dambwe. Midzi yambiri ilinso ndi dooko la amuna ndi la amayi, choncho simukufuna kuti khomo la bafa lanu liyang'ane njira yopita kumeneko.

M'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira mogwirizana ndi boma kuyambira mu 2015, mumagona pamalo ovomerezeka okha, ndipo mumatsatira mawu a oteteza nyama. Njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017, choncho bafa la kumeneko lisatalikire msasa, ndipo kudula mtengo kapena nsungwi n'koletsedwa. Mitengo yanu muchoke nayo kwanu.

Malowo atalikire nyanja, mtsinje, chitsime kapena mjigo ndi mamita osachepera 60, amene ndi mapazi pafupifupi 80 a munthu wamkulu woyenda mosathamanga. Mtunda umenewu umapereka mpata woti dothi lisefe sopo ndi litsiro madziwo asanafike kumene ena amatunga. Sankhani potsetsereka pang'ono, kumunsi kwa matenti ndi pophikira, kuti madzi asayenderere kumene mwayala mphasa. Yang'ananinso m'mwamba ndi m'mbali: ngati pali chulu, njira yokwera kapena nyumba imene ili pamtunda, munthu woima pamenepo aziona mkati ngakhale makoma akhale aatali. Pansi pakhale posesa, popanda mulu wa masamba, zitsa zoola kapena miyala yosanjikizana, kumene zinkhanira ndi njoka zimakonda, ndipo mukaona mzere wa linthumbu, sunthani popanda kukangana nawo.

Chachiwiri: dzenje la madzi

Kumbani dzenje lozama masentimita 30 ndi lotambalala mofanana, pakati pa malo amene bafa lidzaime, ndipo muthiremo miyala yaing'ono kapena zidutswa za njerwa. Pamwamba pake ikani kathandala ka nsungwi zong'amba zomangidwa ndi luzi, kapena matabwa awiri atatu, kuti wosamba aime pouma. Pamchenga wa m'mbali mwa nyanja madzi amalowa pansi msanga ndipo dzenje laling'ono limakwanira, koma padothi lamakande muyenera kukumbanso kangalande kolowera kunja kumunsi, apo ayi pofika tsiku lachiwiri mkati mukhala matope ndi fungo. Dothi lofukulidwalo muliunjike pambali chifukwa mudzakwiririra nalo pochoka.

Chachitatu: kuimika makoma

Njira imene ndimailimbikitsa kwa gulu la anthu ambiri ndi ya nsungwi ndi chinsalu cha lona, yotengera kamangidwe ka bafa la udzu la kumudzi limene lili ndi khomo lokhota losasowa chitseko. Mufunika nsungwi 6 zotalika mamita 2 ndi theka, chinsalu cha lona chotalika mamita 7 kapena 8 ndi chokwera mamita 2, chingwe cholimba, ndi malegeni omangira. Ngati lona palibe, matumba a chimanga osokerera pamodzi amagwira ntchito yomweyo, bola akhale ochapidwa bwino ndipo asakhale amene munali feteleza kapena mbewu yopakidwa mankhwala.

Jambulani pansi malo a ngodya zinayi, mbali iliyonse yotalika mita imodzi ndi masentimita 20. Kucheperapo apa, zigongono zimagunda chinsalu chonyowa, ndipo kukulirapo kumangofuna nsalu yambiri imene mphepo iziikankha. Zikani nsungwi zinayi m'ngodya, iliyonse ilowe pansi masentimita 40, ndipo mutsendere dothi ndi chidendene kapena mpini wa khasu. Nsungwi ziwiri zotsalazo muzizike kutsogolo, masentimita 60 kuchokera kumbali imene kuli khomo, kuti zigwire khoma lotchinga. Mangani chingwe pamwamba kuzungulira nsungwi zonse, ndi china m'munsi, kenaka yambani kukulunga chinsalu kuchokera pangodya ya kukhomo, kuzungulira mbali zitatu, n'kupitirira kukafika pa nsungwi ziwiri zakutsogolo. Wolowa amadutsa m'kanjira kopapatiza n'kukhota, ndipo woima panja saona mkati. Chinsalu chisafike pansi penipeni. Siyani mpata wa masentimita 10 kuti mpweya uziyenda ndiponso kuti ongodutsa aone mapazi n'kudziwa kuti muli munthu.

Ena amagwiritsa ntchito zitenje, ndipo pa ulendo wa usiku umodzi zimathandiza, koma mudziwe kuti chitenje chimodzi sichifika kutalika kwa munthu woima, choncho mufunika mizere iwiri, zitenje zosachepera 6. Chitenje chikanyowa chimamatirira pathupi, ndipo dzuwa likakhala kuseri kwake chimaonetsa chithunzi cha munthu. Mphasa ziwiri zoimika n'kuzikulunga mozungulira n'zabwino kuposa zitenje, ngati muli ndi galimoto yonyamulira.

Mtundu wa nsalu nawo uli ndi kanthu ku Nkhotakota. Kashembe, ntchentche imene imafalitsa matenda a kaodzera ndipo imapezeka m'nkhalango yotetezedwa ndi madera oyandikana nayo, imakopeka ndi mtundu wa buluu ndi wakuda, n'chifukwa chake misampha yake imapangidwa ndi nsalu za mitundu imeneyi. Lona wambiri wa m'misika ndi wabuluu, ndiye mukamapita kufupi ndi nkhalangoyo sankhani chinsalu chotuwa, choyera kapena cha khaki, kuti musaitanire kashembe pamalo amene munthu amavula.

Palinso matenti osambiramo ogula, opepuka, okhala ndi waya wopindika amene amadzitambasula okha mukawatulutsa m'thumba. Ambiri alibe pansi, ali ndi zipi kukhomo ndi kathumba koikamo sopo, ndipo kwa banja laling'ono ndi abwino chifukwa amaima m'kanthawi kochepa. Vuto lawo ndi mphepo, komanso waya wawo sungathe kunyamula thumba lodzaza madzi, choncho musapachike cholemera padenga lake. Musanachoke kwanu phunzirani kupinda tenti yotereyi, poigoneka pansi, kuipinda pakati, n'kuipotoza kuti ipange mikombero yosanjikizana, chifukwa kuikakamiza kumathyola waya.

Tsopano za mphepo, zimene anthu ochokera kumtunda amazipeputsa. Kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti mwera umaomba kuchokera kummwera chakum'mawa, ndipo umatha kukula usiku kapena m'mawa mwadzidzidzi. Khomo la bafa liyang'ane kumene mphepo ikupita, osati kumene ikuchokera, ndipo ngodya iliyonse ikhale ndi chingwe chokokera kunja. Zikhomo zachitsulo zopyapyala sizigwira mumchenga. M'malo mwake mangani chingwe pakati pa kamtengo kotalika masentimita 40, kagonekeni chopingasa m'dzenje lozama masentimita 30, n'kukwirira ndi kupondaponda. Kapena dzazani mchenga m'thumba, limangeni kuchingwe n'kulikwirira. Mukatha, gwedezani nsungwi iliyonse ndi mphamvu, ndipo ikasuntha ibwerezeni, popeza bafa logwa munthu ali mkati limachititsa manyazi amene mtsikana sangawaiwale msanga.

Mkati mangani chingwe chapamwamba choyanikapo chovala ndi chopukutira, kumbali yotalikira madzi, ndipo muikemo kampando kapena chidebe chovundikira kuti agogo ndi amayi oyembekezera asambe atakhala. Usiku musaike tochi pansi mkati mwa bafa, chifukwa kuwala kochokera mkati kumajambula thupi lonse pachinsalu. Ipachikeni pamwamba pa nsungwi kuti iwalitse cholozera pansi, kapena ikhale panja.

Chachinayi: kukonza madzi

Madzi a pamjigo kapena pampopi ndiwo oyamba kuwafuna, ndipo mukamatunga pamjigo wa m'mudzi, khalani pamzere ngati wina aliyense ndi kufunsa ngati pali chopereka cha komiti yake. Ngati madzi a m'nyanja ndi okhawo amene alipo, atungeni masana, pagombe la mchenga lopanda mabango, kenaka muwawiritse mpaka abwate kwa mphindi imodzi n'kuwasiya azizire, kapena muwasunge m'chigubu chotseka kwa masiku awiri athunthu, chifukwa tizilombo ta likodzo timafa tikapanda kupeza munthu m'nthawi imeneyo. Gulu lokhala masiku angapo lingakhale ndi zigubu zolembedwa tsiku lotungira, n'kumasambira zimene zakwanitsa masiku awiri. Kusunga kotereku kumathetsa likodzo lokha. Madzi akumwa ndi otsukira mkamwa ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa kolorini.

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Anthu 10 akasamba ndowa ya malita 20 aliyense, ndiye kuti pafunika malita 200 patsiku, zigubu 10 za malita 20 zonyamula pamutu kuchokera kumjigo, ndipo tonse tikudziwa kuti pa maulendo ambiri onyamulawo amakhala atsikana. Anthu omwewo akasamba malita 5 aliyense, zigubu ziwiri ndi theka zakwana.

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kunyanja kumatentha kwambiri, palibe amene amafuna madzi ofunda, koma m'mawa wa mu Juni mwera ukuomba, ana ndi okalamba amawafuna. Simuyenera kutenthetsa onse. Lita imodzi yowira pambaula, yosakaniza ndi malita 4 a madzi wamba, imapereka madzi ofunda pafupifupi madigiri 40, amene ndi okwanira kusamba, ndipo makala amapulumuka. Chigubu chakuda kapena thumba lakuda la pulasitiki losambira, limene limagulitsidwa ndi kapaipi kake, likagonekedwa padzuwa pamwala kapena pamchenga kwa maola atatu kapena anayi limatenthetsa madzi popanda moto. Yesani madziwo pamkono musanasambitse mwana, popeza dzuwa la kunyanja limatha kuwatenthetsa mopitirira.

Chachisanu: chothirira madzi

Ndowa ndi kapu ndi njira imene aliyense amaidziwa, ndipo imasunga madzi ngati kapuyo ndi yaing'ono, ya theka la lita kapena kucheperapo. Chimene chimamaliza madzi ndi jagi yaikulu, chifukwa madzi ambiri amadutsa pathupi osatsuka kanthu.

Chipangizo chimene ndimachikonda kwambiri ndi botolo la pulasitiki la malita 5, la madzi akumwa kapena la mafuta ophikira lotsukidwa bwino. Tenthetsani singano yaikulu kapena msomali waung'ono kwambiri pamoto, n'kuboola timabowo 6 kapena 8 pansi pa botololo, moyandikana. Lidzazeni madzi mutatseka timabowoto ndi dzanja, mangani chitsekerero mwamphamvu, ndipo mulipachike pansungwi yopingasa kapena panthambi, pamwamba pa mutu. Chitsekerero chikakhala chomanga, mpweya sulowa ndipo madzi amangodontha pang'ono n'kuima. Mukachimasula pang'ono, madzi amatuluka ngati mvula yowaza, ndipo mukachimanganso amaleka. Timabowo tikakula, madzi sadzaima, choncho yambani ndi tating'ono kwambiri, muyese, kenaka mukulitse ngati pakufunika. Ubwino wa botololi ndi wakuti muyeso uli pamaso: aliyense amalandira botolo limodzi ndipo amaona mmene madzi akutsikira.

Amene anazolowera mpondagiya wosambira m'manja angamange wamkulu ndi chigubu cha malita 5, kuti kuponda kamtengo kupendeketse chigubu manja onse ali omasuka. Thumba lakuda la malita 20 limalemera makilogalamu 20 likadzaza, ndiye lipachikeni panthambi yamoyo yolimba, kapena mulidzaze theka lokha. Sipuleya yopopa ndi dzanja imasunga madzi kuposa zonsezi, koma ikhale yatsopano, yogulidwira kusamba kokha ndi yolembedwa chizindikiro. Sipuleya imene inathirapo mankhwala a thonje, a tomato kapena a mbozi za m'chimanga isayandikire thupi la munthu ngakhale itatsukidwa kangati, popeza mankhwala amalowerera m'pulasitiki ndi m'mapaipi, ndipo ambiri mwa iwo amalowa m'thupi kudzera pakhungu.

Chachisanu ndi chimodzi: kasambidwe kake

Lowani mutavala patapata, ndipo muyambe mwagwedeza chinsalu ndi kuyang'ana pansi pa kathandala. Ikani beseni lalikulu pamene muime, kuti liwakhe madzi otsika. Patulani theka la lita m'kapu, musambe nalo kumaso ndi kunyowetsa chinkhupule kapena kansalu kosambira. Kenaka tsegulani madzi ndi kunyowetsa thupi kuyambira kumutu, mwachangu, lita imodzi yokha, n'kutseka.

Apa ndi pamene madzi amapulumukira kapena kuonongekera. Pakani sopo pachinkhupule, osati pathupi mwachindunji, ndipo akhale wochepa, chifukwa thovu lililonse loonjezera limafuna madzi ake olichotsa. Tsukani m'khosi, m'khwapa, kumsana, m'mphechepeche ndi pakati pa zala za kumapazi madzi ali otseka, ndipo musafulumire. Nthawi yotsuka siimaliza madzi. Mukatha, pululani thovu ndi dzanja kuchokera m'mapewa kutsika m'munsi musanatsegulenso. Tsukuluzani kuyambira kumutu ndi malita atatu, mukuyendetsa dzanja pamene madzi akugwera, kuti madzi otsika kuchokera m'mapewa atsukenso mimba ndi miyendo. Theka la lita lotsalalo ndi la mapazi ndi patapata potuluka.

Tsitsi lalitali kapena loluka lisanyowetsedwe tsiku lililonse; livundikireni, ndipo tsiku lolichapa muonjezere malita awiri kapena atatu. Mwana wamng'ono amasamba atakhala m'beseni ndi malita awiri kapena atatu, wamkulu akumuthira ndi kapu. Tsiku limene madzi achepa kwambiri, lita imodzi ndi kansalu zimakwanira kupukuta kumaso, m'khwapa, malo obisika ndi mapazi, motsatana chomwecho, ndipo madzi akumwa asachepetsedwe pofuna kusamba.

Muyeso wa malita 5 usakhale lamulo louma kwa aliyense. Amayi ndi atsikana amene ali kumwezi amafunika madzi oonjezera ndiponso kusamba kawiri, ndipo sayenera kufotokozera gulu chifukwa chake. Mtsogoleri wa ulendo aike chigubu chapadera mkati mwa bafa la amayi, pamodzi ndi chidebe chovundikira chotayamo zogwiritsa ntchito, ndipo mayi mmodzi wamkulu ndiye aziyang'anira. Ngati m'gulu muli Asilamu, amene ndi ambiri ku Nkhotakota, werengeraninso madzi oyera odziyeretsera asanapemphere. Gulu lopitirira anthu 10 likhale ndi mabafa awiri otalikirana, la amuna ndi la amayi, ndipo onse asambe dzuwa lisanalowe, udzudzu wa malungo usanayambe.

Madzi a m'beseni aja angazimitse moto wa pamsasa, kutsuka nsapato kapena kuviikamo zovala zamatope musanazichape. Asatsukire mbale kapena ndiwo, ndipo ngati wina akutsegula m'mimba, madzi ake apite m'dzenje mwachindunji ndipo iye apite kuchipatala msanga. Bafa si chimbudzi, ndipo ana auzidwe zimenezi tsiku loyamba, chifukwa mkodzo wa padzenje losaya umanunkha pakangotentha.

Pochoka

M'mawa wa tsiku lonyamuka, osamba omaliza atsirize msanga kuti chinsalu chiume. Chimasuleni, chikung'untheni mchenga, n'kuchiyanika padzuwa mbali zonse ziwiri, popeza chikapindidwa chonyowa chimachita nkhungu ndi kununkha m'masiku ochepa. Zulani nsungwi, fukulani timitengo ndi matumba amene munakwirira, ndipo mutole zidutswa zonse za chingwe, mapepala a sopo ndi mabotolo, chifukwa mbuzi ndi ng'ombe za m'mudzi zimadya pulasitiki. Kwirirani dzenje ndi dothi lake lija n'kutsendera. Ngati wina m'gulu anasambira kapena kuyenda m'madzi a m'nyanja, auzidwe kuti pakatha miyezi iwiri apite kuchipatala akayezetse likodzo ngakhale asakumva kudwala, chifukwa mankhwala ake, a praziquantel, amagwira bwino ntchito nyongolotsi zikakhwima.